Chikhomo cha Pakati: Mkombero wa Makolo ndi Mkombero wa Eklezia

Mau olankhulidwa pa chikondwerero cha zaka 100 za parishi, ku Amaramba



Munthu akafuna kumanga nyumba ya makolo, ija yozungulira, sayambira pa khoma. Poyamba amakhoma chikhomo pansi, pamalo pamene wasankha. Ku chikhomocho amamangirira luzi, ndipo kunsonga kwa luzilo amamanga kamtengo kosongoka. Kenaka amayenda mozungulira, luzi lili chikokere, kamtengo kakulemba m'dothi, mpaka mzere utakumana ndi pamene udayambira. M'mzere umenewo ndimo mumakumbidwa maenje a nsichi. Chikhomo chikasunthika ngakhale pang'ono mmisiri asanathe kuzungulira, mzere sukumananso, nyumba imapendekeka, ndipo denga limene anthu asenza ali chigulu limakana kukhala pa khoma. Nyumba ikatha chikhomo chija sichiwonekanso, koma nsichi iliyonse idaima pamene idaimapo chifukwa cha icho.

Lero parishi ino yatseka mkombero wa zaka 100. Ndi tsiku loyenera kufunsa ngati mzere wakumana, ndiponso ngati chikhomo chikali pamene adachikhoma aja adayamba ntchito. Pofuna kuyankha funso limeneli nkofunika kuyang'ana mkombero weniweniwo, chifukwa mitundu yambiri ya anthu, yosadziŵana ndi yosamvana chilankhulo, idaulemba pa miyala, pa mchenga, pa zikopa ndi pansi m'nyumba zopemphereramo, pofuna kunena m'mene dziko lidakhalira ndi pamene munthu waima m'dzikomo.

Za pa miyala ndi za pa bwalo

Ku Dedza, m'mapiri a Chongoni, kuli malo 127 okhala ndi zojambula za pa miyala, amene bungwe la UNESCO lidaŵalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Pa Chencherere, pa Namzeze ndi pa Mphunzi pali zojambula za mitundu iŵiri. Zoyera, za dothi loyera, ndi za Acheŵa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Zofiira ndi zakale kwambiri, za anthu aafupi amene makolo ankaŵatchula Akafula kapena Abatwa. M'zofiirazi nyama ndi zoŵerengeka. Zochuluka ndi mizere yondondozana, mikombero, mikombero ina m'kati mwa inzake, ndi ina yotulutsa malilime monga dzuŵa. Akatswiri amene adaphunzira zojambulazi amaziphatikiza ndi mvula ndi kubala. Mwini dzanja lija adapita kalekale, dzina lake lidaiŵalika, koma chimene chinkamusoŵetsa tulo chikali chomwecho kwa mlimi wa ku Mecanhelas mwezi wa Novembala: kodi mvula ibwera, kodi mwana abadwa wamoyo.

Makolo a Chinyanja sadalembe mkombero pa miyala pokha. Adaumanga ndi kuukhalamo. Nyumba inali yozungulira, nkhokwe yozungulira, lichero ndi nkhata chimodzimodzi. Kachisi wothirirako nsembe anali kanyumba kozungulira. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, nyumba ya Mbona ndi yozungulira, ndipo ikaola anthu a mafumu ambiri amasonkhana kuimanganso. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort, adataya zaka zambiri akuphunzira za malo ameneŵa, ndipo buku lake lalikulu lidatuluka mu 1992. Mudzi nawo unali ndi pakati pake, ndiye bwalo. Kuseri kwa nyumba kunali minda, kuseri kwa minda thengo ndi manda. Pa tsiku la maliro zilombo zinkachokera kuthengo kuloŵa pa bwalo, anthu atazinga mkombero, ng'oma mbali ina, amai oimba mbali ina, ndipo kwa kanthaŵi amoyo, akufa ndi nyama ankakumana pamalo amodzi. Munthu wosadziŵa kuŵerenga ankaŵerenga pamenepo kuti dziko lili ndi dongosolo, ndi kuti imfa imasokoneza dongosololo mpaka anthu atalikonzanso.

Kuno ku Amaramba kumakumana Anyanja, Ayao ndi Alomwe, ndipo mtundu uliwonse uli ndi phiri lake la pakati. Acheŵa amaloza ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, kumene amati anthu oyamba ndi nyama adasiya mapazi ao pa thanthwe likali lofeŵa. Ayao amaloza ku phiri la Yao, m'chigawo chomwechino cha Niassa. Alomwe amaloza ku Namuli, ku Zambezia. Pa chinamwali cha Ayao akuluakulu ankaumba pansi zifaniziro za dothi, zotchedwa inyago, nkuzilemba ndi ufa woyera, kuti anamwali aziyenda pakati pa izo akumva za mwezi, za madzi akulu ndi za chiyambi cha mtundu wao. Tanthauzo lake lonse ndi la eni mwambo, ndipo pa bwalo ngati lino salitambasula. Chokwanira kunena ndi ichi: mwana asanatchedwe wamkulu, ankayamba waonetsedwa mapu a dziko ndi malo ake m'mapumo.

Asodzi nawo ali ndi mapu ao osalembedwa. Ali pa bwato pakati pa nyanja, thambo limaŵazinga mbali zonse, ndipo mphepo amazidziŵa ndi maina anai: mwera, mpoto, vuma ndi zambwe. Madzi amene akuŵanyamula amachokera ku Chiuta, amatuluka mu Amaramba ndi mtsinje wa Lugenda, amakathira mu Rovuma ndi kukafika ku nyanja yamchere, ndipo kuchokera kumeneko mitambo imaŵabwezanso. Dzina lakuti Chiuta ndilonso dzina limodzi la Mulungu, mwini uta waukulu wa m'mitambo. Munthu woima pansi amaona theka lokha la utawaleza. Wokwera ndege nthaŵi zina amauona wathunthu, mkombero wotsekeka.

Za mitundu yakutali

Ku India mkombero wopatulika amautchula mandala, mau a chilankhulo cha Sanskrit otanthauza chinthu chozungulira. Amonke a chipembedzo cha Buddha a ku Tibet amalemba mandala ndi mchenga wonyikidwa m'mitundu yosiyanasiyana. Amayamba ndi kadontho ka pakati, amayesa ndi chingwe monga mmisiri wa nyumba uja, ndipo kwa masiku angapo amathira mchenga pang'onopang'ono mpaka patatuluka nyumba yachifumu ya mbali zinai ndi zipata zinai, yozingidwa ndi mikombero. Wopemphera amaloŵa ndi maganizo ake pa chipata, kulinga pakati. Ntchito ikatha amasesa mchenga wonse ndi kukautaya mu mtsinje, kuti aliyense akumbuke kuti chopangidwa ndi manja chimatha. Pa chilumba cha Java, ku Indonesia, anthu adamanga mandala ndi miyala cha m'ma 800: kachisi wa Borobudur, wa nsanja zisanu ndi imodzi za mbali zinai ndi zitatu zozungulira pamwamba pake, kotero kuti wa pa ulendo amakwera akuzungulira.

Abale achisilamu, amene Akhristu a kuno amagaŵana nawo msika, manda a achibale ndi madzi a nyanja, akafika ku Makka amazungulira Kaaba kasanu ndi kaŵiri. Ndipo popemphera tsiku ndi tsiku, wa ku Mandimba amayang'ana chakumpoto, wa ku Turkey chakumwera, wa ku India chakuzambwe, wa ku Senegal chakuvuma. Munthu atati aone mizere yonse ya opemphera ali kumwamba, akadaona mikombero ikuluikulu yozinga nyumba imodzi.

Ku Kongo, kumene mfumu Nzinga a Nkuwu idabatizidwa mu 1491, anthu anali ndi chizindikiro chao chotchedwa dikenga: mtanda m'kati mwa mkombero. Mzere wopingasa ndi kalunga, madzi olekanitsa amoyo ndi akufa. Nsonga zinai ndi ulendo wa dzuŵa: kutuluka, kufika pa liwombo, kuloŵa, ndi kuŵala kwake pakati pa usiku kudziko la akufa. Moyo wa munthu ankauŵerenga pa nsonga zomwezo. Choncho ansembe a Chipwitikizi atafika ndi mtanda, Akongo adauona ngati chinthu chimene maso ao adachizoloŵera kale, ngakhale uthenga wake unali watsopano.

Za m'nyumba ya Eklezia

Wina angaganize kuti zonsezi ndi za kunja kwa Chikhristu. Koma m'Malembo Oyera, pa mutu woyamba wa buku lake, mneneri Ezekiele ali ku ukapolo m'mbali mwa mtsinje wa Kebara adaona mikombero, wina m'kati mwa unzake, yoyenda mbali zonse zinai osatembenuka, ndipo pamwamba pake panali mpando wachifumu. Anthu a mtundu wake ankayesa kuti Mulungu adatsala ku Yerusalemu. Masomphenya aja adaŵauza kuti mpando wa Mulungu umayenda, ndipo udaŵatsatira kudziko lachilendo. Amene adaolokera ku Malaŵi pothaŵa nkhondo, kusiya tchalitchi ndi manda a makolo ao m'mbuyo, sasoŵa wina woŵamasulira mutu umenewu.

M'tchalitchi lalikulu la ku Hereford, ku England, muli mapu a dziko lonse olembedwa pa chikopa chimodzi cha mwana wa ng'ombe cha m'ma 1300. Dziko ndi lozungulira, kuvuma kuli pamwamba, Yerusalemu ali pakati penipeni, ndipo pamwamba pa mkombero pakhala Khristu woŵeruza. Wamalonda sakadayenda nawo mapu otere, pakuti sadalembedwe kuti aloze njira ya ku msika. Ankaphunzitsa Mkhristu kumene mbiri ya anthu idachokera ndi kumene ikupita. Hildegard Woyera wa ku Bingen, sisteri wa ku Germany amene adakhala kuyambira 1098 mpaka 1179, ndipo Papa Benedikto XVI adamutcha Mphunzitsi wa Eklezia mu 2012, adafotokoza masomphenya a munthu wotambasula manja pakati pa mikombero ya mpweya, madzi ndi moto, mphepo zikuomba mbali zonse, ndipo chonsecho chili m'chifuwa cha Chikondi cha Mulungu. Ku Chartres, ku France, amisiri a m'zaka za m'ma 1200 adayala pansi m'tchalitchi njira yokhotakhota ya mikombero 11. Kuchokera mbali ina kufika mbali ina ndi mamita pafupifupi 13, koma woiyenda amayenda mamita oposa 250. Mulibe mphambano m'njiramo. Imamufikitsa munthu pafupi ndi pakati, imamubwezanso kumphepete mpaka atayamba kukayika, koma amene sabwerera m'mbuyo amafika.

Woyandikana kwambiri ndi anthu a kuno ndi Nikolasi Woyera wa ku Flüe, ku Switzerland, amene adabadwa mu 1417 ndi kumwalira mu 1487, ndipo adalembedwa m'gulu la oyera mu 1947. Iye anali mlimi, bambo wa ana khumi, wosaphunzira sukulu. Buku lake linali chithunzi cha gudumu: kamkombero pakati, mkombero waukulu kunja, ndi mizere isanu ndi umodzi, itatu yotuluka pakati ndi itatu yobwerera pakati. M'menemo ankasinkhasinkha za Utatu Woyera, Mulungu amene zonse zimachokera kwa Iye ndi kubwerera kwa Iye. Munthu wosadziŵa kulemba ameneyu ndiye adapereka uphungu umene udaletsa nkhondo yapachiŵeniŵeni m'dziko lake mu 1481.

Ndipo safunika kupita ku Ulaya amene akufuna kuona zimenezi. Hostia imene wansembe amakweza pa Misa ndi yozungulira, ndipo pa tsiku la Ukaristia Woyera amaiika pakati pa chotengera chonga dzuŵa lotulutsa malilime. Chaka cha Eklezia chimazungulira pamodzi ndi chaka cha khasu. Adiventi imafika pamodzi ndi mvula yoyamba, pamene mlimi wakwirira mbeu ndipo akudikira. Khrisimasi imapeza anthu akupalira. Lenti imagwa m'miyezi imene nkhokwe zambiri zili pululu, kotero kuti kusala kudya sikusoŵa womasulira. Pasaka imadza chimanga chachiŵisi chitayamba kudyedwa, Pentekoste pa nthaŵi yokolola, ndipo chaka chimatsekedwa ndi chikondwerero cha Khristu Mfumu, chimene Papa Pio XI adakhazikitsa mu 1925, dzuŵa litaŵaula dziko ndipo mitambo ikusonkhananso.

Pamene mikombero imasiyana

Kwa zaka zambiri Akhristu ena adaphunzitsidwa kuopa chilichonse cha makolo. Ku Mua, ku Malaŵi, kumene misyoni idayamba mu 1902, kudali mkangano waukulu pakati pa ansembe ndi eni gule m'zaka za m'ma 1920. Pa Mua pomwepo, mu 1976, Bambo Claude Boucher adatsegula malo a KuNgoni, osungirako ndi kuphunzirirako miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao. Pakati pa zaka ziŵirizi padachitika Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, umene m'chikalata chake cha pa 28 Okutobala 1965 udaphunzitsa kuti zoona ndi zoyera zopezeka m'zipembedzo zina Eklezia sazitaya. Paulo Woyera adachita chomwecho ku Atene: adayamba wayenda mu mzinda, waona maguwa ao, kenaka adalalika kuyambira pa guwa limene iwo adamanga okha.

Koma kulemekeza sikutanthauza kusakaniza zonse mu mphika umodzi. Pali zinthu ziŵiri zimene Mkhristu ayenera kusiyanitsa.

Choyamba, mapu si chithumwa. Mkombero wolembedwa kuti uphunzitse munthu malo ake pamaso pa Mlengi ndi wina. Mkombero wokumbiridwa mankhwala usiku kuzinga nyumba kapena munda, kuti ukole mnansi woganiziridwa ufiti, ndi winanso. Woyamba umasonkhanitsa anthu. Wachiŵiri umabala mantha, ndipo kaŵirikaŵiri wotsala kunja kwake ndi nkhalamba yopanda woiteteza, imene ana ake omwe amailoza chala mwana akadwala. Parishi imene imaimba pa Misa m'maŵa ndi kupirikitsa gogo madzulo, chikhomo chake chasunthika.

Chachiŵiri, nthaŵi ya Mkhristu siyongozungulira ngati mphero. Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo, mwana wa Afrika, adatsutsa m'buku lake la Mzinda wa Mulungu anzeru amene ankati zonse zimabwerezabwereza kosatha. Khristu adafa kamodzi, adauka, ndipo sadzafanso. Korona imene amai ambiri aigwira m'manja pano ikuonetsa zimenezi bwino lomwe: ndi mkombero wa mikanda, koma ili ndi mchira wotulukira kunja, ndipo kunsonga kwake kuli mtanda. Pa kandulo ya Pasaka wansembe amalemba mtanda, lemba loyamba ndi lotsiriza la Chigriki, ndi manambala anai a chaka chimenecho. Chaka chilichonse mtanda ndi womwewo, manambala ndi ena. Pasaka imabweranso, koma imapeza munthu atasendera pafupi ndi tsiku lake loonana ndi Mulungu.

Mkombero wa anthu

Ansembe a Consolata, ana a Yosefe Allamano Woyera, adafika m'Niassa mu 1926, chaka chomwe mwini chipanicho adamwalira ku Turin, ndipo mu 1928 adakhazikitsa misyoni ya Massangulo. Dayosizi ya Lichinga idabadwa mu 1963, pamenepo nkuti mzindawo ukutchedwa Vila Cabral. Dziko litalandira ufulu mu 1975, sukulu ndi zipatala za misyoni zidatengedwa ndi boma, amisyoni ambiri adachoka, ndipo posakhalitsa nkhondo idabuka. Mu 1977 Eklezia wa m'Mozambique adasonkhana ku Beira ndi kusankha kukhala Eklezia wa timagulu ting'onoting'ono, m'mene Mkhristu aliyense ali ndi utumiki wake. Ku Malaŵi ena amatchula timagulu totere miphakati, ndipo m'dzinalo khutu limamva mau akuti pakati.

M'zaka zimenezo chikhulupiriro chidasungidwa ndi anthu okhala pansi mozungulira, pansi pa mtengo wa mango, m'misasa ya othaŵa nkhondo kapena m'bango la m'mbali mwa nyanja, katekisti ali ndi buku limodzi long'ambika. Wansembe ankatha chaka osafika. Ku Nipepe, m'dayosizi yomweyino, mu Januwale 1989, anthu oposa 200 adatsekeredwa m'tchalitchi masiku angapo pa nthaŵi ya nkhondo, nazinga madzi a ubatizo, ndipo madziwo adaŵakwanira onse osaphwa. Eklezia adazindikira chozizwitsa chimenechi, ndipo Sisteri Irene Stefani, amene anthuwo adapempha kuti aŵapempherere, adatchedwa Wodala pa 23 Meyi 2015 ku Nyeri, ku Kenya. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, obwerera kwao adapeza makoma ambiri atagwa, koma pomangapo ankapadziŵa.

Makolo adati mutu umodzi susenza denga. Amene adasenzapo denga la nyumba yozungulira akudziŵa kuti onyamula amaima mozinga, palibe wotsogola ndi wotsalira, ndipo mmodzi akataya mbali yake kulemera kumagwera onse. Akudziŵanso kuti phaso lililonse limayamba patali ndi linzake, koma likamakwera limayandikira anzake mpaka onse atakumana pa tsindwi. Dorotheo Woyera wa ku Gaza, mmonke wa m'zaka za m'ma 500, adaphunzitsa ophunzira ake ndi fanizo lofanana ndi limeneli: Mulungu ali pakati, anthu ali pa mkombero, ndipo aliyense woyenda kulinga kwa Mulungu amapezeka atayandikira mnzake, pamene wothaŵa mnzake amatalikiranso Mulungu. Apa ndi pamene parishi ingadziyese. Ngati Mnyanja, Myao ndi Mlomwe ali pafupi lero kuposa m'mene adaliri agogo ao, ngati amene adatsala pa nthaŵi ya nkhondo ndi amene adathaŵa akudyera mbale imodzi, ngati mabanja amene ana ao adagwira mfuti mbali zosiyana akupatsana moni wa mtendere pa Misa ndi mtima woona, ndiye kuti luzi likali chimangire ku chikhomo.

Pali ntchito zitatu zimene chikondwerero chino chikusiyira mibadwo yotsatira. Achinyamata akhale pansi ndi nkhalamba zimene zatsala, afunse maina a akatekisti ndi amai amene adasunga mapemphero m'zaka za nkhondo, ndipo mainawo alembedwe m'buku la parishi asanapite nawo kumanda amene akuŵadziŵa. Kagulu kalikonse ka Akhristu kaŵerenge anthu ake ndi kufunsa amene akusoŵa pa mkombero: wamasiye, wodwala wosatuluka m'nyumba, woganiziridwa zoipa, wofooka amene adaleka masakramenti chifukwa cha manyazi, ndipo katume aŵiri kukamuona mwezi uno usanathe. Makolo pophunzitsa ana ao katekisimu asaŵaphunzitse kunyoza agogo ao, amene adafunafuna Mulungu ndi nyali imene anali nayo, nalemba pa miyala ndi pa dothi zimene mitima yao inkayembekeza.

Misa ikatha, ng'oma zilira pa bwalo la tchalitchi, ndipo anthu adzaima mozungulira monga adaimira makolo ao, osauzidwa ndi wina. Ana aang'ono aikidwe kutsogolo kuti aone bwino, pakuti ena mwa zidzukulu zao ndiwo adzakhale pano pa chikondwerero cha zaka 200. Mulungu Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera adalitse parishi ino, apatse mpumulo wosatha onse amene adaimanga, ndipo Amai Maria apempherere Amaramba.